Chulu cha aNankhoma

Inu ana mumandiseketsa. Mukakangana ndi anzanu ochokera ku Thyolo kapena ku Phalombe mumakweza mapewa n'kumati, "Ife ndi obadwira m'tauni." Tauni yake iti? Pamene watambalala iwe Tadala, ndi miyendo yako yangati ya kakowayo, panali mzere wa nandolo. Uko kumene amaimika maminibasi n'kumakuwa ngati akupirikitsa anyani, kunali anyani enieni, otsika m'phiri la Soche kudzaba chimanga. Kusiyana kwake n'koti anyani aja ukawaponyera mwala ankathawa.

Sendera kuno Mwayi, mawu anga safikanso patali. Foniyo ika m'thumba; ngati mnyamatayo amakukondadi, adikira. Ine ndatopa, mawondo anandikana kalekale, ndipo masiku ano ndikayamba nkhani tulo timandipeza isanathe. Mukaona ndawerama mundigwedeze.

Nthawi ya Chitaganya, pamene azungu anatimangirira mwendo umodzi ndi a ku Rhodesia osatifunsa, Blantyre ndi Limbe anali timatauni tiwiri, kena uku kena uko, pakati pake tchire ndi minda. Akuluakulu sankati Blantyre n'komwe, ankati ku Kabula. Ku Chichiri, kumene mumakagula mabuluku obooka kale m'mawondo aja, kunali udzu ndi mphepo basi. Kuno ku Chilobwe kunali kumudzi kwenikweni: mapira, chinangwa, mbuzi, ndi tinjira ta mapazi todzaza mame. Ukafuna mchere kapena palafini unkalawirira wapansi, n'kubwerako dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'mawondo.

Ine sindine wa kuno. Bambo anga anachokera kwa Apwitikizi, kuseri kwa Mulanje, atasenza mphasa ndi Baibulo limene sankatha kuwerenga. Ankathawa chikoti, n'kudzagwera m'thangata la m'minda ya tiyi. Sukulu ya mishoni ndinangoinunkhiza, yokwanira kuwerenga chikwangwani ndi kudziwa pamene mzungu wayamba kutukwana. Nditamera ndevu ndinabwera ku Limbe kudzasenza mabelo a fodya. Fodyayo anandilowa m'chifuwa nthawi imeneyo, ndipo mpaka lero sanalipire lendi.

Agogo anu aakazi, malemu a Elube, ndinawapeza pamsika wa Limbe akugulitsa ngumbi m'lichero. Ndinagula lero, ndinagula mawa, ndinagulanso mkuja, mpaka m'mimba mwanga munayamba kulira ngati m'chulu momwemo. Tsiku lina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kodi achimwene, mukufuna ngumbi kapena mwini ngumbi?"

Ine ndinati, "Mwini wake."

"Ndiye mwasochera. Mwini wake ndi amayi anga. Tiyeni mukawafunsire."

Umu ndi mmene ndinafikira pano, mkamwini. Inu simudziwa chikamwini. Mwamuna ankasiya kwawo n'kukakhala kwa mkazi, kulima munda wa eni, kumanga nkhokwe ya eni, pakamwa atatseka. Ndipo panali manyazi a apongozi. Ine ndi amayi a mkazi wanga, aNankhoma, sitinkayang'anana kumaso, sitinkalankhulana, sitinkakhala pamphasa imodzi. Tikakumana panjira, wina apatuke, ndipo wopatukayo ndinali ine. Ndinalowa m'chitedze kangapo chifukwa cha ulemu. Sichinali chidani, ayi. Ndiwo yabwino ankanditumizira, ine ndikapeza sopo ndinkawatumizira. Koma mawu onse ankadutsa mwa agogo anu, ndipo agogo anu anali sefa: zolemera zinkatsala pamwamba, kwa amayi awo kunkangofika zosalala.

Tsopano chulucho. Musaganize za timilu ta dothi timene mumaona m'mbali mwa bwalo la mpira. Chinali kumutu kwa munda, kuseri kwa nyumba ya apongozi, chachitali kuposa denga, pamwamba pake patamera mtengo wa bwemba. ANankhoma anachilandira kwa amayi awo, iwonso kwa amayi awo, ndipo chinkadyetsa banja chaka chonse. Mvula ikagwa yoyamba, ngumbi. Ikakhazikika, bowa wa utale, wina waukulu ngati mbale yodyera. M'munsi mwake maungu ankabereka popanda manyowa. Dothi lozirira nyumba ankatapa pomwepo. Amayi oyembekezera ankabwera kudzapempha kachibuma koti azikukuta, ndipo kupempha kwake atagwada. Chulu chilichonse chinali ndi mwini wake. Ukathyola mango a munthu ankangokukalipira, koma kutchera ngumbi pachulu cha eni unali mlandu wopita ndi nkhuku m'khwapa.

Chodabwitsa n'chakuti chulu chinkadzimata chokha. Utape dothi lero, mawa upeza chiswe chatseka pabalapo ndi dothi lonyowa, latsopano. ANankhoma ankati, "Chulu ndi bere, mwana akayamwa limadzazanso." Tonse tinkavomereza, poti maso athu ankaona.

Chaka china, anthu atangokolola, kunatulukira oyeza malo. Panali mzungu wofiira ngati mbuzi yosenda, kapitawo wake wachikuda wa kabudula wokhuthala, ndi amuna okoka tcheni. Anali ndi galasi la miyendo itatu, mzunguyo n'kumasuzumiramo atatsinzina diso limodzi ngati akuloza nkhwali. Mwini munda sanamupatse moni. Anangokhoma zikhomo zamatabwa zopaka utoto wofiira kumutu, mzere wowongoka kudutsa m'munda mwa apongozi, china pafupi penipeni ndi chulu.

Ine zikhomo zotere ndinali nditaziona kale ku Limbe. Pamene zamera pamabwera msewu, mapoloti, ndi lamulo loletsa mbuzi. Ndinaitana agogo anu. Nthawi imeneyo mayi ako iwe Tadala, Tereza, anali kumsana, ndiye ankatitchula ndi dzina lake.

"Mayi a Tereza, mukawauze amayi kuti mundawu ukupita. Zikhomo izi ndi tauni ikubwera. Ayambe kuganiza pokhala."

Anapita. Ine ndinaima kuseri kwa nkhokwe, malo anga omvera nkhani, ndipo ndinamva ndi makutu angawa akuti, "Amayi, akuti bambo a Tereza, timitengo ta azungu tija tisamale nato."

Apongozi anati, "Muwauze kuti ndamva. Ali ndi nzeru bambowa."

M'mawa mwake ndikupita kuntchito ndinaona munda uli mbee, wopanda chikhomo ndi chimodzi chomwe. ANankhoma anali atazula zonse, kuzipukuta dothi, kuzimanga mtolo ndi luzi, n'kuzipachika kudenga la khitchini kumene utsi umafika, mmene ankasungira chimanga cha mbewu. Ndipo musawaseke, maganizo awo anali owongoka. Mtengo wouma suchedwa pafupi ndi chulu. Chiswe chawo chikanadya katundu wa alendo, manyazi akanagwera ndani?

Oyeza aja anabwerera Loweruka masana, ine ndilipo. Kapitawo anafika akutuluka thovu.

"Ndani wazula zikhomo za boma?"

Apongozi analowa m'khitchini, anatuluka ndi mtolo uja wakuda ndi mwaye, anagwada, n'kuupereka ndi manja awiri.

"Ndi izi, bambo. Muone bwino, palibe chimene chadyedwa."

"Mayi, mukudziwa kuti anthu akupita kundende chifukwa cha zimenezi?"

"Chifukwa chosunga?"

Kapitawo anatembenukira kwa bwana wake. Atamumasulira mzungu uja, mzunguyo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo nkhani inathera pomwepo. Koma masiku amenewo mitima inali itatentha ndi Chitaganya, ndipo kwina anthu ankazula zikhomo dala. Mbiri inamveka kuti ku Chilobwe kuli nkhalamba yosaopa mzungu. Anyamata andale anabwera pa njinga kudzawagwira chanza, kuwatcha mayi wa dziko. Atapita, ndinamva akufunsa mwana wawo, "Kodi anthu awa akundithokozera chiyani? Timitengo tija tinali tawo?"

Sabata yotsatira oyeza anakhoma zikhomo zachitsulo, n'kuzithira simenti. Zimenezo chiswe sichidya, nkhalamba sizula.

Apa mpamene analowerera mlamu wanga Layitoni, mchimwene wa agogo anu. Iye ndiye anali mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Kabula, ndipo telala wa pakhonde amamva zonse, poti munthu akamayezedwa m'chiuno pakamwa pamatseguka. Anabwera ndi nkhani yakuti minda yonse ipita, imeneyo inali yosakambirana. Koma amene apezeke ndi nyumba ya njerwa zootcha mvula isanagwe amusiyira poloti pamene nyumbayo yaima. A nyumba zadothi ndi udzu awasamutsa. Ndipo mwamwayi, zikhomo zachitsulo zija zinatsekera nyumba ya apongozi ndi chulu m'poloti imodzi.

Anakhala pansi kukambirana, apongozi pamkeka, ana awo awiri pambali. Ine kuseri kwa nkhokwe, ndikusema mpini umene unali wosemasema kale.

"Amayi, munda wapita, tisadzinamize," anatero Layitoni. "Chotsala ndi pano. Tikamanga ya njerwa, chulu chanu chikhala chanu. Tikapanda kumanga, mukwera lole, chulu adzachisalaza."

"Njerwazo dothi lake lichokera kuti?"

Layitoni anayamba kuchotsa ulusi pa malaya ake. "Dothi la kuno ndi lamchenga, amayi, likauma limafumbutuka. Loumbika ndi limodzi lokha."

"Tanena, usazungulire ngati nkhuku yofuna kuikira."

"La chulu."

Kenako apongozi anati, "Ndiye kuti chulu chikhale, tidye chulu?"

"Mbali imodzi yokha, amayi. Si chimadzimata?"

Apongozi anayang'ana kuchulu. "Mbali ya kumadzulo. Kum'mawa kumene zimatulukira ngumbi khasu lisafikeko. Chidzadzimata, chakhala chikutero amayi anga asanabadwe."

Ine ndinatsokomola. Layitoni anakweza mawu, "Alamu, muli ndi mawu kumeneko?"

"Ayi alamu, ndi fodya wa ku Limbe."

Sikuti ndinkakayika za chulu, nanenso ndinkakhulupirira. Chinanditsokomoletsa n'chakuti ndinadziwa amene agwire khasulo. Mwinimbumba amalamula, mkamwini amaponda matope. Manja a telala, paja, ndi osungira singano.

Inu mumaona njerwa zitaunjikidwa m'mbali mwa msewu n'kumayesa zimagwa kumwamba. Umakumba dothi, kulithira madzi, kuliponda ndi mapazi mpaka lichite ulimbo, kuliponya m'chikombole, kuthamanga nacho pabwalo, kukhutula, kubwerera. Ndikaweruka ku Limbe msana uli wa mabelo, kuno n'kudzaupatsa matope. Agogo anu ankatunga madzi kumtsinje, mwana kumsana, mtsuko pamutu, mpaka khosi linafupika. Ndipo m'mawa uliwonse tinkapeza chiswe chamata pamene tinakumba dzulo. Apongozi ankabwera kudzaona ine nditachoka, n'kutumiza mawu akuti, "Mwaona?"

Nkhuni zootchera anatibweretsera Che Saidi, Myao woyendetsa lole, amene makolo ake anakhala ku Limbe njanji isanafike. Anatsika, anakonza kapu yake yoyera, anazungulira chulu manja ali kumbuyo.

"Achimwene, ng'ombe iyi mukuikama kapena mukuidula mwendo?"

Layitoni anati, "Imadzimata yokha, Che Saidi."

"Eetu. Ine ndangobweretsa nkhuni."

Uvuni woyamba unatikana. Chiperoni chinatsika m'phiri, kamvula kaja kosamveka padenga koma konyowetsa mpaka m'mafupa, n'kukhala masiku osachoka. Nkhuni zinanyowa, moto unangofuka. Titaphwasula uvuni, njerwa zambiri zinali zosapsa, ukaigwira ikusiya theka m'manja. Nthawi inali itapita, mitengo itayamba kuphuka. Tinabwerera kuchulu, kukumba molowa mkati, poti mbali ya kum'mawa inali yoletsedwa. Chiswe chinkamatabe, koma tsopano pang'onopang'ono, kachigamba apa kachigamba apo, ngati munthu wosoka nsalu imene ikung'ambika kwina.

Ntchito itathina Layitoni anavula malaya n'kulowa nane m'dzenje. Tsiku lachiwiri lake piki yake inagunda chibuma cholimba ngati mphika, chinagawika pakati. M'katimo munali chinthu choyera, chonona, ngati kachinangwa kosenda, chikupuma. Tichiswe tating'ono tinkachizungulira, kuchinyambita, kuyesa kuchikoka, koma chosasunthika. Ameneyo ndiye make chiswe, ena amati manthu, amene amabereka chulu chonse. Ine ndinali ndisanamuonepo. Apongozi omwe, ndi zaka zawo zonse, anali asanamuonepo. Si chinthu choti munthu aone.

Layitoni ananong'ona, "Alamu, ichi n'chiyani?"

"Mukuchidziwa, alamu."

"Tikwirire msanga, tisanene."

Koma agogo anu anali ataima pamwamba ndi mtsuko. Anangoti, "Mayo ine!" ndipo amayi awo anamva.

ANankhoma anatsikira m'dzenjemo okha, chokhala pansi, akudzikhwekhwereza. Dzenje linali lopapatiza, ine pothawira panalibe. Nsalu yawo inandikhudza mwendo, ndipo ndinangotembenukira kukhoma la dzenje, mphuno pa dothi, ngati mwana wolangidwa kusukulu. Ndinkangomva. Anatola zigamphu ziwiri za chibuma chija, kuziphatikiza, kuzimata ndi dothi lonyowa ndi zala zawo, akulankhula motsitsa.

"Pepani mayi, pepani. Ndi ana awa, sadziwa. Gonani, takufunditsani."

Anachibwezera pamalo pake, anaunjikira dothi, anafunditsa masamba a nthochi. Atatuluka anauza mwana wawo wamwamuna, koma mokweza kuti ndi khoma lomwe limve, "Khasu lisagwerenso apa."

Njerwa zimene tinali nazo zinangokwana zipinda ziwiri. Mbali imodzi tinasiya njerwa zitatulukira ngati mano, kuti mwina tsiku lina tidzalumikize. Denga tinafolera ndi migolo yophwanthula. Kapitawo uja anabwera, anagogoda khoma ndi ndodo yake, anasuzumira m'khitchini kuona ngati mulibe katundu wina wa boma, n'kunena kuti poloti ndi yathu.

Ena sizinawayendere. Malole anabwera, anthu anakweza mitondo, nkhuku, ndi zitseko, poti chitseko sankasiya. Amuna amene ndinkamwa nawo masese, amayi amene anathandiza pobadwa Tereza, anapita, ena kuseri kwa phiri, ena kwawo kwa amuna awo, ndipo ambiri sindinawaonenso. Kenako kunabwera katapila. Inalowa m'munda mwa apongozi nandolo ali chiimire, inadutsa kamodzi, n'kubwerera, basi munda wa mibadwo unali msewu. Zulu za anthu ena inazikankha ngati milu ya phulusa. Ana ankaithamangira akusekera. Ine ndimati ndikawauze kuti asiye, koma ndinaona kuti nanenso pakamwa pali yasa.

Nyumba zinamera m'mizere, zofanana ngati mazira, moti woledzera ankalowa kwa mnzake n'kukalipira mkazi wa eni kuti wasuntha bedi. Munalowa makalaliki, akalipentala, oyendetsa galimoto, ophika kwa azungu. Pampopi unkamva Chilomwe, Chiyao, Chisena, ndi Chingerezi cha anthu amene anachinunkhiza ngati ine. Sindikuti zonse zinali zoipa. Madzi anayandikira, khosi la agogo anu linabwerera. Chipatala chinakhala chofikika. Koma munthu unkapereka moni kwa woyandikana naye iye n'kukuyang'ana ngati ukufuna kumubwereka kanthu.

Apongozi zonsezi sankazipenya. Maso awo anali pachulu. Dzuwa lija lotentha mvula isanagwe, iwo m'mawa uliwonse ankapita kumpopi ndi kachidebe, kuima pamzere ndi atsikana a makalaliki, kudzawaza madzi pa bala lija. Agogo anu akati awathandize ankakana. "Akudziwa dzanja langa," ankatero.

Mvula inagwa. Fungo lija la dothi linakwera, lija limene ngakhale pano likandipeza ndimameza malovu. ANankhoma anachita monga chaka chilichonse. Anapalira mbali ya kum'mawa, anazika timitengo, anafunditsa udzu, anakumba kadzenje kumunsi n'kuikamo mphika kuti ngumbi zikamatuluka zizigweramo. M'mawa anapita kukaona: madzi okha. M'mawa winawo: madzi ndi chule. Mvula yachiwiri inagwa, yachitatu, anthu anasiya kuwerenga. Bowa sanatuluke. Ine podutsa ndinaona nyerere zakuda zikulowa ndi kutuluka m'mabowo a chulu, mopanda wozifunsa. Chulu chamoyo sichilola zimenezo. Ndikhulupirira kuti iwonso anaziona, koma mphika ankautsukabe n'kuubwezera.

Tsiku lina m'mawa agogo anu anabwera ndi beseni la ngumbi. Munthu wina anali atatsegula kagolosale pamphambano apo, n'kupachika nyali yopopa pakhonde. Ngumbi zochokera kaya kuti, mwina kuphiri, zinagwera pamenepo, ndipo kutacha aliyense ankangosesa. Anazikazinga bwinobwino, kuzipeta mapiko, kuthira mchere, n'kupita nazo kwa amayi awo amene anakhala pakhonde la nyumba yatsopano. Ine ndinali pakona, poti nkhokwe yobisalako inali itapita ndi munda.

"Amayi, talawani."

Anayang'ana m'mbalemo. "Za chulu cha yani?"

"Zagwera pa nyali ya kugolosale, amayi."

"Ndamva. Ndikuti za chulu cha yani? Mwapempha kwa ndani?"

"Zilibe mwini. Ndi za m'tauni, aliyense akutola."

"Kulibe ngumbi yopanda mwini. Pali mayi wina kwinakwake watsuka mphika wake, akudikira."

Anakankha mbaleyo pang'ono ndi nsonga za zala. Anayang'ana msewu umene unali munda wawo, pakudutsa munthu pa njinga atanyamula bedi. Kenako ndinamva mawu.

"Bambo a Tereza."

Ine ndinacheuka kumbuyo, kuyesa pali bambo a Tereza ena.

"Ndi inu nomwe. Tabwerani kuno, ndione nkhope imene yakhala ikudya kwanga zaka zonsezi."

Ndinapita, ndinanjuta patsogolo pawo, maso pansi.

"Dzutsani mutu."

Ndinadzutsa. Anandiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kuchibwano, mosafulumira.

"Ooh. Ndinkayesa ndinu wooneka bwinoko."

Agogo anu anagwira pakamwa. "Amayi, mwambo!"

"Manyazi amachitira mwini mudzi, mwananga. Pano mwini mudzi ndani? Tonse takhala akamwini, ndi ine ndemwe." Anandikankhira mbale ija. "Idyani, inu zakudya za eni munazizolowera. Ndipo mvula ikatha mutenge khasu mumalize chulu chija. Amayi aja anapita kalekale. Ana akufuna chipinda."

Ndinadya, ndisakunamizeni. Zinali zonona.

Mvula itatha ndinakumba chulu chonse, ndi mbali ya kum'mawa yomwe. Bwemba uja tinadula, anakhala nkhuni za uvuni. M'kati munali mouma, tinjira topanda woyendamo, mizu ndi akangaude. ANankhoma ankayala mkeka m'mphepete mwa dzenje n'kumandiyankhula tsiku lonse, kubweza mawu a zaka zonse zija. Anandiuza kuti ndimalima mizere yokhota, kuti nkhokwe ija ndinaimanga yopendama, kuti kutsokomola kwanga ankakumva ndipo ankadziwa kumene kunali kwa fodya ndi kumene kunali kwa mwano. Masiku ena ndinkalakalaka mwambo utabwerera, ndikadzigwere m'chitedze mwamtendere.

Nditafika pakati ndinachipeza chibuma chija, zala zawo zikuonekabe pamene anamata. Ndinawapatsira ndi manja awiri. Sanachitsegule. Anachigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo munalira kanthu kouma, ngati njere imodzi m'chikho. Anachigwira pamiyendo kanthawi. Ine ndimayesa anena kuti tikachikwirire kwinakwake, mwina kuphiri. Koma anachiponya m'matope amene ndinkaponda.

"Pondani pamodzi," anatero. "Asapite kwa eni."

Ndinaponda.

Njerwa zake ndi chipinda chakumapetocho, chimene mumagonamo anyamata inu, chonunkha nsapato. Amayi a chulu aja ali m'khoma limenelo penapake, njerwa yake sindikuidziwa. Ndiye mukakwiya n'kumamenyetsa chitseko chija, muzimenyetsako pang'ono.